Mukamamwa Mankhwala, Kumbukirani Chiwindi

Amene ana akuvuta ayamwitseni, nkhani yathu tikamba pang'onopang'ono. Lero tikambirana za chiwalo chimene ambiri timachidziwa bwino pa nkhuku kapena pa mbuzi, koma sitichiganizira m'thupi mwathu. Chiwalo chimenechi ndi chiwindi.

M'sewero limene tamvera lija munali mayi amene anapezeka ndi chifuwa chachikulu cha TB mwana wake ali ndi miyezi iwiri. Anayamba mankhwala bwinobwino ndipo chifuwa chinayamba kuchepa. Patapita masabata anayi chilakolako cha chakudya chinatha, nseru inayamba, ndipo ankangofuna kugona. Apongozi ake anati ndi mimba ina. Mnzake wa kumjigo anati mankhwala akutulutsa matenda, angopirira. Bambo a kunyumba anamugulira Panado ku golosale, ndipo azakhali anabwera ndi botolo la mankhwala azitsamba otsuka m'mimba. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi mtima woipa. Koma pamene ankamukweza pa njinga kupita naye ku chipatala, maso ake anali atachita kale chikasu.

Omvera ambiri anafunsa funso limodzi: kodi mankhwala a kuchipatala angadwalitse munthu? Yankho ndi lakuti inde, nthawi zina, kwa anthu ochepa. Tikuyankhani moona chifukwa mayi amene wauzidwa zoona sathawa mankhwala, amangokhala tcheru.

Kodi chiwindi chimagwira ntchito yanji?

Ikani dzanja lanu kumanja, pansi pa bere, pamene pakuthera nthiti. Chiwindi chili pamenepo, kuseri kwa nthitizo. Cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi makilogalamu 1.5. Chilichonse chimene mwameza, kaya ndi nsima, thobwa, mowa kapena piritsi, chikachoka m'matumbo n'kulowa m'magazi chimayamba chadutsa m'chiwindi. Chiwindi chimasankha monga mmene inu mumasankhira nyemba pa lichero. Zabwino chimasunga kapena kutumiza m'thupi, zoipa chimaziphwanya kuti zitayidwe. Chimapanganso ndulu yothandiza kugaya mafuta, komanso zinthu zothandiza magazi kuundana mukadzicheka kapena mukabereka.

Pophwanya mankhwala ena pamatuluka poizoni pang'ono. Chiwindi chamoyo chimamaliza poizoniyo msanga ndipo inu simumva kanthu. Koma ngati mankhwala achuluka, kapena chiwindi chinali kale ndi matenda ena, kapena thupi la munthuyo silikugwirizana ndi mankhwalawo, chiwindi chimatupa ndi kuyamba kulephera ntchito.

Nanga chikasu chimachokera kuti? Magazi akakalamba amaphwanyidwa, ndipo pamatsala utoto wachikasu umene chiwindi chimautayira m'ndulu. Utoto umenewu ndi umene umapatsa chimbudzi mtundu wake. Chiwindi chikalephera, utotowo umatsalira m'magazi. Ndiye chifukwa chake maso amachita chikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo chimbudzi chimayererako.

Vuto la chiwindi ndi lakuti chimadwala mwakachetechete. Dzino likabooka mumadziwa usiku womwewo, koma chiwindi chimatha kuvulala masiku ambiri inu mukungoona ngati ndi kutopa kwa kumunda. Ubwino wake ndi wakuti chimatha kudzikonza chokha ngati chochivulazacho chachotsedwa msanga.

Chifukwa chiyani timamwa mankhwala ambiri chonchi?

Chifukwa matenda opatsirana atilemera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2023 anthu 10.8 miliyoni anadwala TB, ndipo pafupifupi 1.25 miliyoni anamwalira. M'chaka chomwecho malungo anapha anthu pafupifupi 597,000, ambiri mwa iwo muno mu Africa, makamaka ana osakwana zaka zisanu. Kuno ku Malawi kafukufuku wa m'chaka cha 2020 mpaka 2021 anapeza kuti pa akuluakulu 100 alionse, pafupifupi 9 anali ndi kachirombo ka HIV, ndipo amayi anali ochuluka kuposa abambo.

Manambala amenewa akutanthauza kuti m'nyumba zambiri muli wina amene akumwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kwa moyo wake wonse. Mayi mmodzi atha kukhala pa ma ARV, pa Bactrim, pa mankhwala a TB, n'kuonjezeraponso Panado mutu ukawawa. Zonsezi zikudutsa m'chiwindi chimodzi. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mankhwalawa tinawalira, ndipo apulumutsa anthu osawerengeka. Munthu wa TB amene sanalandire mankhwala ali pa ngozi yaikulu koposa amene akuwamwa. Choncho musamve nkhani iyi ngati yoletsa mankhwala. Tikungophunzira kuyenda m'matopemo osaterereka.

Zimene akatswiri anapeza pa mankhwala a TB

Munthu wa TB amamwa mitundu inayi ya mankhwala m'miyezi iwiri yoyamba, kenaka mitundu iwiri kwa miyezi inayi. Masiku ano mitunduyi imaphatikizidwa m'piritsi limodzi. Maina ake ndi isoniazid, rifampicin, pyrazinamide ndi ethambutol. Itatu yoyambayo imatha kuvulaza chiwindi. Isoniazid amaperekedwanso kwa anthu amene sanadwale TB kuti awateteze, monga amene ali ndi HIV kapena ana okhala nyumba imodzi ndi wodwala TB.

Isoniazid anayamba kugwiritsidwa ntchito m'chaka cha 1952, ndipo kwa zaka zambiri madokotala ankamutenga ngati wopanda vuto lalikulu. M'chaka cha 1970, mu mzinda wa Washington ku America, anthu 2,321 ogwira ntchito dera limodzi anapatsidwa isoniazid kuti atetezedwe ku TB. Anthu 19 anadwala chiwindi ndipo awiri anamwalira. Boma la America litaona zimenezi linatsatira anthu 13,838 amene ankamwa mankhwalawa. Anapeza kuti kwa achinyamata osakwana zaka 20 vutoli silinkaoneka, koma linkakula ndi msinkhu. Kwa a zaka 20 mpaka 34 anali anthu 3 pa 1,000, pamene kwa a zaka 50 mpaka 64 anali anthu 23 pa 1,000. Anapezanso kuti amene ankamwa mowa tsiku lililonse ankadwala kwambiri kuposa anzawo.

Phunziro lalikulu limene madokotala anatenga m'zaka zimenezo ndi ili: amene amafika pa imfa kawirikawiri ndi amene anapitiriza kumwa mapiritsi zizindikiro zitayamba kale. Dokotala wina wa ku America, Hyman Zimmerman, amene anathera zaka zambiri pa nkhani ya mankhwala ndi chiwindi, anaona kuti mankhwala akavulaza chiwindi mpaka maso kuchita chikasu, pafupifupi munthu mmodzi pa 10 alionse atha kumwalira. Ndiye maso achikasu si chinthu choyembekezera nacho tsiku la sikelo.

Koma musachite mantha kupitirira muyezo. Pa anthu 100 amene akumwa isoniazid, 10 mpaka 20 magazi awo akayezedwa amaonetsa kuti chiwindi chagwedezeka pang'ono, iwo osamva kanthu, ndipo ambiri mwa iwo chiwindi chimazolowera chokha.

Pali mfundo ina imene ikukhudza inu amene mwakhala pano. Nthawi ya pakati, makamaka miyezi itatu yoyamba mutabereka, ndi nthawi imene chiwindi chimavulala msanga ndi isoniazid. M'chaka cha 2019 munatuluka zotsatira za kafukufuku wa amayi apakati 956 amene anali ndi HIV, m'maiko asanu ndi atatu, kuphatikizapo Tanzania, Zimbabwe, Botswana, Uganda ndi South Africa. Ena anayamba isoniazid ali ndi pakati, ena anayamba patapita masabata 12 atabereka. M'magulu onse awiri, amayi 6 kapena 7 pa 100 alionse magazi awo anaonetsa kuti chiwindi chavulala, ndipo ambiri zinawachitikira atabereka kale. Taganizani, imeneyi ndi nthawi yomwe maso a aliyense ali pa khanda. Mayi akati ndatopa, timati n'chimodzimodzi aliyense wa mwana wamng'ono. Akati sindikufuna kudya, timamupangira phala n'kumusiya. Inu anakubala ndi apongozi amene mumasamala mayi wa chikuta, funsani ngati ali pa mankhwala, ndipo muzimuyang'ana m'maso.

Chinthu chimodzi chisakusokonezeni. Rifampicin amasandutsa mkodzo, thukuta ndi misozi kukhala zofiirira ngati Fanta. Zimenezi si matenda, zimayamba tsiku loyamba lomwe ndipo zimatha mukamaliza mankhwala. Mkodzo wa chiwindi ndi wakuda ngati tiyi, umabwera pambuyo pake, ndipo umabwera pamodzi ndi nseru ndi kufooka. Pamene tatchula rifampicin, tikuuzeninso kuti amachepetsa mphamvu ya mapiritsi olera ndiponso njira ya pamkono. Uzani anamwino a kulera kuti muli pa mankhwala a TB kuti akusankhireni njira yoyenera.

Nanga ma ARV?

Amene anayamba ma ARV kale akukumbukira. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004, mankhwala oyamba anali ndi nevirapine. Kafukufuku anaonetsa kuti nevirapine ankavulaza chiwindi makamaka mwa amayi amene chitetezo chawo chinali chisanatsike kwambiri, kupitirira 250, ndipo ngoziyo inkakula m'masabata oyambirira. Kawirikawiri zinkabwera ndi zotupa pakhungu ndi kutentha thupi. M'chaka cha 2011, dziko la Malawi litayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense wapakati kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, amayiwo anapatsidwa mtundu wina wopanda nevirapine. Kuyambira 2019 ambiri anasinthidwira ku mtundu wa dolutegravir, umene suvutitsa chiwindi kawirikawiri. Apa ndi pamene timaona phindu la kafukufuku. Madandaulo a odwala analembedwa, anawerengedwa, ndipo mankhwala anasinthidwa. Inunso mukanena zimene mukumva, mukuthandiza amene adzabwere pambuyo panu.

Kachirombo kobisala m'chiwindi

Pali matenda ena opatsirana amene sitiwatchula kawirikawiri, a hepatitis B. Kachirombo kake kamakhala m'chiwindi momwemo. WHO inawerengera kuti m'chaka cha 2022 anthu 254 miliyoni anali nako, 65 miliyoni mwa iwo mu Africa, ndipo anthu 1.1 miliyoni anamwalira chaka chimenecho, ambiri ndi kuuma kwa chiwindi kapena khansa ya chiwindi. Ochuluka sadziwa kuti ali nako. Munthu amakhala wooneka bwino zaka makumi awiri kapena atatu, kenaka mimba imayamba kutupa ndi madzi, miyendo kutupa, mwinanso kusanza magazi. Kumudzi timathamangira kunena kuti walodzedwa kapena wadyetsedwa.

Kachiromboka kamafala kudzera m'magazi ndi pogonana, komanso kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa. Lezala limodzi lotemera mphini ana angapo, singano imodzi yobowolera makutu, jakisoni wa dokotala wa m'mudzi wosavomerezeka, zonsezi ndi njira. Munthu wamkulu akakatenga, nthawi zambiri thupi lake limakagonjetsa. Koma khanda likakatenga, makanda 9 pa 10 alionse amakhala nako mpaka kukula.

Katemera alipo. Kuno ku Malawi analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'chaka cha 2002, ndipo ali mu jakisoni wa pantchafu uja amene mwana amalandira pa masabata 6, 10 ndi 14. Kodi amagwira ntchito? Akatswiri anayeza magazi a anthu a ku Ndirande mu mzinda wa Blantyre pakati pa 2016 ndi 2018. Pa akuluakulu, amene anabadwa katemera asanabwere, 5 pa 100 alionse anali ndi kachiromboka. Pa ana obadwa katemera atayamba, anali 3 okha pa 1,000. Mukamatopa ndi mzere wa kusikelo, kumbukirani manambala amenewa. WHO imalangizanso kuti mwana alandire katemerayu pasanathe maola 24 chibadwire, ndiponso kuti mayi wapakati ayezedwe hepatitis B pamodzi ndi HIV ndi chindoko. Funsani anamwino ngati munayezedwa. Safunsa anadya phula.

Hepatitis B akukhudzana ndi nkhani yathu m'njira ziwiri. Yoyamba, chiwindi chimene chili ndi kachiromboka chimavulala msanga ndi mankhwala a TB. Yachiwiri ndi yofunika kwambiri kwa amene muli pa ma ARV. Mitundu iwiri ya m'piritsi lanu, tenofovir ndi lamivudine, imagonetsanso kachirombo ka hepatitis B. Mukasiya ma ARV mwadzidzidzi, kaya chifukwa cha ulendo, kaya wina wakuuzani kuti mwachira, kachiromboka kamadzuka ndi ukali, ndipo chiwindi chitha kulephera m'masabata kapena miyezi yochepa.

Panado ndi mankhwala ogula tokha

Panado ali m'nyumba iliyonse, ndipo pa mlingo wake ndi mankhwala abwino, ngakhale kwa mayi wapakati. Dzina lake lenileni ndi paracetamol. Madokotala a ku Scotland ndi amene anayamba kulemba, m'chaka cha 1966, za anthu amene chiwindi chinaonongeka atamwa paracetamol wochuluka. Vutoli linakula kwambiri ku Britain mpaka m'chaka cha 1998 boma linalamula kuti paketi yogulitsidwa m'sitolo wamba isapitirire mapiritsi 16.

Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi awiri nthawi imodzi, atalikitse ndi maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo asapitirire mapiritsi 8 pa tsiku lonse, usana ndi usiku. Amene ndi woonda kwambiri, amene sakudya, kapena wokonda mowa, mlingo wake uyenera kuchepa kuposa apa. Mwana amapatsidwa molingana ndi kulemera kwake, osati mmene thupi latenthera. Mayi wina amapatsa mwana mankhwala amadzi, pakapita ola limodzi thupi likadali lotentha amamubenthulira piritsi la akulu, madzulo agogo amaonjezera la chimfine. Mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu ali ndi paracetamol yemweyo m'kati, dzina la pa paketi lokha ndi limene lasiyana. Ngati simutha kuwerenga, funsani wina akuwerengereni.

Choopsa cha paracetamol wochuluka ndi chakuti tsiku loyamba munthu amaoneka bwino. Chiwindi chimayamba kulephera pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Mankhwala othetsa poizoniyu amagwira bwino ntchito akaperekedwa pasanathe maola 8. Mwana akapeza paketi n'kumeza, kapena wina akamwa ambiri chifukwa cha mavuto a m'banja, thamangani naye ku chipatala nthawi yomweyo ngakhale akuyenda ndi kulankhula.

Azitsamba, mowa ndi chuku

Sitikunyoza makolo athu. Koma chitsamba nacho ndi mankhwala, ndipo chimadutsa m'chiwindi momwemo. Kusiyana kwake ndi kwakuti pa botolo la pamsika palibe amene akudziwa mlingo wake. Ku KwaZulu-Natal ku South Africa kuli muzu wotchedwa impila umene madokotala anapeza kuti unapha anthu ambiri, ana omwe, poononga chiwindi ndi impso. Ku Rakai ku Uganda, kafukufuku wa anthu 1,000 amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2012 anapeza kuti zipsera za m'chiwindi zinkapezeka pafupifupi kawiri mwa amene ankamwa azitsamba poyerekeza ndi amene sankamwa. Ngati mwamwa, nenani kwa dokotala. Ambiri amabisa poopa kukalipiridwa, ndipo dokotala amayamba kukaikira mankhwala osalakwa.

Za mowa sitichulutsa mawu. Kachasu, masese kapena wa m'mabotolo sayendera limodzi ndi mankhwala a TB. Bambo a kunyumba akakhala pa mankhwala, auzeni zimenezi mwaulemu koma mosabisa.

Chimanga ndi mtedza zochita chuku zili ndi poizoni amene satha ndi kuphika. Ku Kenya m'chaka cha 2004 anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Chuku akakumana ndi hepatitis B, ngozi ya khansa ya chiwindi imakula kwambiri. Mtedza wofota, wosweka kapena wakuda umene mwasankha kuti sungagulitsidwe usapite mu nsinjiro za phala la mwana.

Mukaona izi, nyamukani

Musadikire chikasu. Zoyamba kubwera ndi kusafuna chakudya, nseru kapena kusanza kosalekeza, kufooka kwachilendo, ndi kupweteka kumanja pansi pa nthiti. Ena thupi limayabwa kapena kutentha. Ngati muli pa mankhwala a TB kapena oteteza ku TB ndipo zimenezi zachitika, pitani ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale tsiku lanu lisanakwane. Maso muziwayang'ana panja padzuwa, chifukwa kuwala kwa koloboyi kapena tochi kumabisa chikasu. Kokani chikope cha m'munsi, wodwala ayang'ane kumwamba. Mukaona chikasu, mapiritsi a TB a tsiku limenelo asamwe mpaka dokotala amuone. Za ma ARV asiyireni dokotala kuti agamule. Wodwala akayamba kusokonezeka mutu, kugona kwambiri, kapena kutuluka magazi m'nkhama ndi m'mphuno, ndiye kuti zafika poipa, pezani galimoto ngakhale ndi usiku.

Amayi ena afunsa za chikasu cha makanda. Imeneyo ndi nkhani ina, siichokera ku mankhwala amene takambawa. Koma khanda likachita chikasu tsiku loyamba, chikafika m'manja ndi ku mapazi, likamakana kuyamwa, kapena chikapitirira masabata awiri, bwerani nalo.

Popita ku chipatala tengani kabuku kanu ka zaumoyo ndi mankhwala onse amene mukumwa, a kuchipatala, a kugolosale ndi a m'botolo lija. Dokotala adzakuyezani magazi, mwina pa chipatala chachikulu cha boma, ndipo adzayang'ananso malungo ndi hepatitis B, chifukwa si chikasu chilichonse chimene chimachokera ku mankhwala. Ngati ndi mankhwala a TB, amawaimitsa kaye, nthawi zina n'kukupatsani ena osavutitsa chiwindi. Chikasu chikatha ndipo magazi akabwerera m'malo, amakuyambitsaninso pang'onopang'ono, kawirikawiri mtundu umodziumodzi, kuti aone umene unalakwa. Ambiri amathanso kumwa mankhwala awo ndi kumaliza, ngakhale miyezi imatha kuonjezekera. Pemphani kuti dzina la mankhwala amene anakuvutaniwo lilembedwe pa tsamba loyamba la kabuku kanu, ndipo muzilionetsa kulikonse kumene mukalandire chithandizo.